Kodi banja lingakhale m'chombo cha matanga ndi ana aang'ono?

Mtsikana wina wa Fomu 3 anandionetsa kanema pa foni ya achimwene ake. Banja lina la kunja lagulitsa nyumba, lagula chombo cha matanga, lanyamula ana awiri osakwana zaka zisanu n'kuyamba kukhala panyanja. Funso lake linali lakuti, "Aphunzitsi, kodi kuno kwathu zingatheke?" Anzake anaseka, poti ife a ku Ntcheu madzi amene timawadziwa ndi a Mpamadzi ndi Livulezi, ndipo ambiri nyanja timangoionera patali tikamatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti. Koma funsolo si lachibwana, ndipo yankho lake lili pa nyanja yathu yomwe.

Zombo za matanga si zachilendo pa Nyanja ya Malawi. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah, yemwe ndi Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo kumeneko kunayamba kukhomedwa zombo za mtundu umene unkayenda ku Kilwa ndi Zanzibar. Zinkawolotsa minyanga ya njovu kupita tsidya la kum'mawa. Zinkawolotsanso akapolo, ena mwa iwo ana, ndipo ichi sitiyenera kuchibisa tikamaphunzitsa mbiri. Mfumu Makanjira nayonso inali ndi zombo zake. Mpaka lero zombo zotere zimayenda pakati pa Likoma, Chizumulu ndi Cobue ku Mozambique, zitasenza nkhuni, chimanga, nsomba ndi anthu. Amayi amakwera ndi ana kumsana. Koma akafika tsidya linalo amatsika. Chombo ndi njira yawo, nyumba ili kumtunda.

Chifukwa choyamba ndi kapangidwe ka chombocho. Chilibe chipinda, n'chapululu, dzuwa ndi mvula n'zanu. Thanga lake ndi la makona atatu, lomangidwa ku mtengo wautali umene umapendekeka pa mlongoti. Thanga lotere ndi lanzeru, chifukwa limayendetsa chombo ngakhale mphepo ikuchokera cham'mbali. Vuto limabwera pokhota. Mtengo wautali uja umayenera kusamutsidwira mbali ina ya mlongoti, zingwe zikukokedwa, amuna angapo akuthamangathamanga. Mwana wokwawa alibe malo pamenepo. Zombo zimene mabanja a kunja amakhalamo zimakhala ndi zipinda, injini yothandizira, thanki ya madzi ndi wailesi yoitanira chithandizo, ndipo makolo amakuta ukonde kuzungulira m'mphepete kuti mwana asagwere m'madzi.

Chachiwiri, chimene chili chachikulu, ndi mphepo. Nyanja yathu ndi yaitali pafupifupi makilomita 580 kuchokera kumwera kukafika kumpoto, ndipo kumpotoko kuya kwake kumafika mamita 700. Kuyambira Meyi mpaka cha mu Sepitembala kumawomba mwera. Poti mphepoyi imatsata utali wa nyanja, imakhala ndi mtunda wokwanira kuti ikweze mafunde, ndipo ikakwiya asodzi amakokera mabwato kumtunda kwa masiku angapo. Nthawi ya dzinja kumabwera mpoto ndi mabingu ake odzidzimutsa. Pa 30 Julayi 1946, sitima ya chitsulo ya Vipya, imene inali yatsopano, inagubuduzika ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, anthu 145 n'kumira. Ngati sitima ya injini inalephera, chombo cha matabwa chimadalira nzeru ya woyendetsa basi: kuwerenga mitambo, kudziwa gombe lobisalirako, ndi kuvomera kudikira. Munthu wamkulu angathe kudikira ndi njala. Khanda silidikira.

Anthu amene amakhaladi pamadzi kuno kwathu ali pa Nyanja ya Chilwa. Asodzi a kumeneko amamanga timisasa toyandama pa bango ndi udzu wa m'madzi, totchedwa zimbowera, ndipo amakhalamo masabata kapena miyezi akusodza ndi kuwamba nsomba. Ambiri ndi amuna, mabanja amawasiya kumudzi. Chilwa ilibe mtsinje wotulukira, ndipo madzi omwewo ndi akumwa, ophikira komanso chimbudzi. N'chifukwa chake kolera amabuka kawirikawiri kumeneko. Mu 2016 azaumoyo anachita kutengera katemera wa kolera kwa asodzi a m'zimbowera, chifukwa kuwadikira kuchipatala kunali kosathandiza. Apa ndiye pali phunziro lenileni la funso la mtsikana uja. Kukhala pamadzi sikutanthauza kukhala ndi madzi akumwa, ndipo mwana wotsegula m'mimba amafooka m'maola ochepa chabe. Onjezani udzudzu ndi likodzo la m'mphepete mwa nyanja.

Ngakhale a zombo zamakono amagwa m'vuto lomweli. Mu Epulo 2014, banja lina la ku America linali pa Pacific Ocean, mtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera kugombe la Mexico, ndi ana aakazi awiri, wa zaka zitatu ndi wa chaka chimodzi. Wamng'onoyo anadwala, chombo nacho chinaonongeka. Asilikali anachita kudumphira m'nyanja kuchokera m'ndege kuti akamuthandize mwanayo, kenako sitima ya nkhondo inadzawatenga onse, ndipo chombo chawo, chimene chinali nyumba yawo, chinamizidwa. Anthu kwawoko anatsutsana kwambiri ngati makolowo anachita bwino. Ine ndimaona kuti funso loyenera kufunsa ndi ili: mwana akatentha thupi usiku, kuchipatala n'kwa maola angati? Ku Tsangano mayi amabereka mwana n'kukwera kabaza. Pakati pa nyanja kabaza kulibe.

Komabe pali mitundu ya anthu imene yalera ana m'zombo kwa mibadwo yambiri. A Bajau a ku Philippines, Malaysia ndi Indonesia ankabadwira ndi kukulira m'zombo zotchedwa lepa, banja lonse m'chombo chimodzi, ndipo ena akadali momwemo. Ana awo amasambira ndi kumira pansi pa madzi akadali aang'ono kwambiri. Koma ambiri a iwo alibe zikalata za dziko lililonse, motero sukulu za boma siziwalandira. Mwana amadziwa nyanja ngati m'nyumba, koma sadziwa kulemba dzina lake.

Maulama akale anawadziwa mabanja oterewa, moti analembapo. Munthu wa paulendo amaloledwa kupungula swala, nanga woyendetsa chombo amene ali ndi mkazi ndi ana m'chombomo, alibe nyumba ina? Imam Ahmad bin Hanbal anati ameneyo asapungule, chifukwa chombocho ndiye kwawo. Otsatira a Imam Shafi amati ndi wololedwa kupungula, koma ndi bwino aswali yokwanira.

Kwa makolo amene mumapita ndi ana ku Mangochi, Monkey Bay kapena Senga Bay nthawi ya holide, nkhani iyi ili pafupi kuposa mmene ikuonekera. Holide yaitali imagwa nyengo ya mwera. Ana athu ambiri sadziwa kusambira, ndipo jekete yoyandamitsa ya munthu wamkulu imavuka pa mwana akangogwera m'madzi. Musanakwere boti, funsani ngati muli jekete ya msinkhu wake, muvekeni musananyamuke, ndipo yang'anani pagombe. Mukaona asodzi akhala pansi akusoka maukonde dzuwa likuswa mtengo, mabwato onse ali kumtunda, tsikulo si lowoloka.