Kaundula wa Pachipatala Ndiye Maso a Unduna

Mayi akafika pachipatala ndi mwana wodwala malungo, kaŵirikaŵiri amataya mtima poona kuti mlembi wayamba kufunsa dzina, zaka ndi mudzi, mwanayo asanalandire mankhwala. Ena amati kumeneku nkutaya nthaŵi chabe. Komatu zolembedwa m'kaundula ndizo zimadziŵitsa Unduna wa Zaumoyo kuchuluka kwa mankhwala ndi antchito ofunika pachipatalapo.

Pakutha pa mwezi uliwonse, woyang'anira chipatala amaŵerenga odwala amene anabwera, matenda awo, ana amene analandira katemera, ndiponso mankhwala amene atsala. Lipoti limeneli limapita kwa mkulu wa zaumoyo kuboma. Iyeyo amaphatikiza malipoti a zipatala zonse za m'bomalo, ndipo poona ziŵerengerozo amaitanitsa mankhwala kunkhokwe yaikulu ya Central Medical Stores. Lipoti likachedwa kapena likalakwika, mankhwala angapite ochuluka kumene odwala ali ochepa, pamene kwina anthu akubwerera kwawo chimanjamanja.

Motero unduna ungakhale wamphamvu pokhapokha utakhala ndi anthu ophunzira ntchito, njira yabwino yosungira ziŵerengero, ndi akuluakulu okhala pafupi ndi anthu. Malaŵi wakhala akumanga zinthu zitatuzi pang'onopang'ono.

Kolera itabuka m'chaka cha 1973, boma linalemba anthu oyendera midzi kuti athandize kulimbana ndi mliriwo. Ntchito yawo ndiyo inakula nkukhala ya alangizi a zaumoyo. Sukulu yophunzitsa madokotala inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo m'chaka cha 2004 boma linayamba ndondomeko yapadera yochulukitsa anamwino ndi antchito ena, ambiri atapita kukagwira ntchito kunja.

Lamulo la maboma aang'ono la m'chaka cha 1998 linapereka mphamvu zina kumakhonsolo, kuti nkhani za chipatala cha kumudzi zisamadikire yankho lochokera ku Lilongwe nthaŵi zonse. Masiku ano ziŵerengero za m'maboma zimasungidwa m'makompyuta, kotero kuti akulikulu a unduna angathe kuziona msanga. Komabe kompyuta imangobweza zimene yapatsidwa. Mlembi akauzidwa zabodza, unduna wonse umasokera.

Mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, unaonetsa kufunika kwa uthenga wofika msanga. Mlangizi akamva za wodwala tsiku lomwelo, amatha kuthira mankhwala m'madzi akumwa ndi kuchenjeza anthu matenda asanafalikire.

Nanga munthu wamba ali ndi gawo lanji? Choyamba, asaiŵale buku lake la kuchipatala, pakuti ndimo muli mbiri ya matenda ake. Chachiŵiri, atchule mudzi wake weniweni, kuti kumene kwachokera matenda kudziŵike. Chachitatu, mwana akabadwa, munthu akamwalira pakhomo, kapena anthu angapo akayamba kutsegula m'mimba, mlangizi ndi anyakwaŵa auzidwe mwamsanga. Pomaliza, a komiti ya chipatala azikhalapo pamene mankhwala akutsitsidwa m'galimoto, kuti aone ngati afika onse.

Mutu umodzi susenza denga. Mayi amene wayankha bwino mafunso a mlembi wathandiza kuti mwezi wamaŵa mwana wa mnzake adzapeze mankhwala.