Chaka chathunthu ndikulondola elk ku Colorado

Ulendo woyamba ndinangopita chifukwa chosowa chochita. Unali mwezi wa Seputembala, nditangofika kumene ku Colorado m'dziko la America kukapitiriza maphunziro, pamene mnzanga anati tikaone elk ku Rocky Mountain National Park. Ine chamumtima: munthu woti ndinaona njovu ku Liwonde, ndikadabwe ndi gwape?

Elk ndi mtundu wa gwape ndithu, koma yamphongo imaposa ngoma, imafika makilogalamu 300. Madzulo amenewo, m'dambo la Moraine Park, yamphongo ina inali itasonkhanitsa zazikazi, ikuzizungulira ngati mbusa. Kenako inatukula mutu n'kulira. Chinyama chonsecho, mawu ake kung'ung'udza ngati chitoliro! Imeneyi ndi nyengo yokwerana, ndipo kulirako n'kuopseza zamphongo zinzake.

Mu Januwale ndinazipeza zitatsikira m'zigwa, zili phee, zikufukula udzu pansi pa chipale chofewa. Ndinapirira mphindi khumi basi, zala zinauma.

Mu Epulo ndinachita manyazi. Ndinafunsa wogwira ntchito m'pakimo kuti zamphongo zapita kuti, chikhalirecho zili patsogolo panga. Eti nyanga zake zimagwa chaka chilichonse, zatsopano n'kumera zitakutidwa ndi khungu laubweya, ndipo zimatha kukula masentimita awiri pa tsiku. Kwathu mphalapala imafa ndi nyanga zomwe inakula nazo.

Koma Juni sindidzamuiwala. Lamulo la pakiyi limati munthu atalikire elk ndi mamita 23. M'tauni ya Estes Park, yomwe ili pakhomo pa pakiyi, nyamazi zimayenda mumsewu ngati mbuzi za pamsika, ndiye ndinatayirira. Ndinasendera kuti ndijambule yaikazi, osadziwa kuti kamwana kake kabisala m'udzu. Inapinda makutu n'kundilunjika. Ndinapulumukira kuseri kwa galimoto ya eni ake, miyendo ili njenjenje, foni ili pansi.

Mantha amenewo ndiwo anandipangitsa kufufuza mbiri yake. Pofika 1890 alenje anali atatsala pang'ono kuzitha m'derali. Mu 1913 ndi 1914 anabweretsa elk 49 kuchokera ku Yellowstone, pakiyi n'kukhazikitsidwa mu 1915. Poti mimbulu yozigwira inali itaphedwa kale, zinaswana mpaka kudya mitengo ya m'madambo mopitirira muyeso. Lero mupeza mipanda m'kati mwa paki, yotchinga mitengo kuti iphukenso.

Apa maganizo anga anathamangira ku Kasungu, komwe mu 2022 anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Kubwezeretsa nyama kumakoma pa chithunzi, koma ntchito yeniyeni imayamba magalimoto ozinyamula akabwerera. Kusiyana kwake n'koti ku Estes Park elk ikadya maluwa a munthu, tauniyo imapezabe ndalama kwa alendo odzaziona. Kwa mlimi wa m'malire mwa paki ya Kasungu, njovu ikalowa m'munda usiku umodzi, nsima ya chaka chonse yapita, ndipo mlendo wodzaona njovuyo sadutsa pakhomo pake.

Nditawatumizira mayi anga kanema wa yamphongo ikulira, anangofunsa funso limodzi: "Nanga kumeneko anthu salima?"