FONI YANU IRI NDI MAANGA NGATI NG'OMBE

Mbusa wabwino safuna belu kuti adziwe ng'ombe yace. Aizindikira ndi maanga, kupindika kwa nyanga ndi mayendedwe, ngakhale iri pakati pa ng'ombe zambiri kudibi. Momwemonso eni masamba a pa intaneti azindikira foni zanu, inu osadziwa.

Pofuna kuona mtengo wa feteleza kapena wa mtedza, mutsegula browser, ndiyo Chrome, Opera kapena Firefox. Njira yakale, imene iripobe, ndiyo kuika m'browser kacizindikiro kochedwa cookie. Kameneko kali ngati belu la pakhosi, mukhoza kukacotsa.

Njira inayi njobisika. Tsamba lifunsa browser mwakacetecete: foni ya mtundu wanji? Galasi lace nlalikulu bwanji? Cinenero cace nciti, ndipo kwanuko ndi nthawi yanji? Masamba ena aiuza kuti ijambule kacithunzi kosaoneka ndi maso, popeza makina osiyana ajambula mosiyana pang'ono. Yankho limodzi siliulula kanthu ai, koma akawaphatikiza onse maanga aoneka.

M'caka ca 2010 bungwe la ku America lochedwa Electronic Frontier Foundation linayesa mabrowser 470,161. Pa 100 ali onse, oposa 83 analibe ofanana nawo. Nzoona kuti foni za mtundu umodzi zifanana kuposa makompyuta, koma musadalire zimenezo.

Kapena wina adzati, "Ine ndine mlimi, ndibise ciani?" Taganizani, abale. Dzulo munawerenga za ngongole, lero za nthenda ya mai a kunyumba. Kampani imodzi ya malonda imene iri pa masamba onse awiri ikhoza kudziwa kuti wowerengayo ndi mmodzi. Dzina lanu siidziwa, koma tsiku limene mudzalemba dzina ndi nambala pa tsamba logwirizana nayo, zonse zikhoza kulumikizidwa. Tsono musadabwe otsatsa ngongole akayamba kukulondolani mwezi wa February, nkhokwe iri gwa.

Kufufuta macookie kapena kutsegula Incognito ndiko kucotsa belu cabe, maanga atsala. Cothandizako ndico kusankha browser bwino. Kuyambira caka ca 2020 Firefox itsekereza makampani odziwika pa nchito imeneyi, ndipo Brave isintha mayankho ena pang'ono pang'ono kuti ofunsawo asokonezeke. Bungwe lija liri ndi tsamba lochedwa Cover Your Tracks loyesera browser kwaulere. Pemphani mwana wa sukulu akutsegulireni, muone nokha zimene foni yanu iulula.