Ofukula mabwinja mathirakitala asanafike

Mlimi wa ku Nathenje akatema phale ndi khasu, amangoliponyera m'malire a munda. Koma alipo anthu ochepa m'dziko muno amene phale lomwelo amalitola, kulitsuka ndi kulilemba nambala. Awa ndi akatswiri ofukula zakale, ambiri a iwo aboma, a ku nthambi yosamalira zamakedzana. Lamulo la Monuments and Relics la 1990 ndilo limawapatsa mphamvu yoyendera malo damu kapena msewu usanamangidwe.

Ku Diamphwe, mtsinje wa m'malire a Lilongwe ndi Dedza kumene kwakhala kukukambidwa za damu lomwetsa mzinda wa Lilongwe, ntchito yotere siyochepa. Madzi akadzaza chigwa amamiza mabwinja, manda ndi madambwe, ndipo dera lino ndi lomwe lili ndi kachisi wa Makewana ku Msinja.

Ntchitoyi imayambira kwa amfumu. Wolowa kumanda kapena kudambwe osagwada pakhomo pa eni mudzi sapita patali, ngakhale atanyamula kalata ya boma. Akalola, amalembedwa anyamata aganyu a m'mudzi momwemo, ndipo kwa ine awa ndiwo msana wa ntchito yonse, ngakhale mayina awo sapezeka m'mabuku. Chowavuta si kulemera kwa ntchito koma kuchedwa kwake. Munthu wozolowera kugalauza mizere amauzidwa kuti akhome zikhomo, amange chingwe, kenako azipala dothi pang'onopang'ono ndi kampeni ka amisiri omanga nyumba, ndowa iliyonse n'kuisefa ngati ufa. Odutsa amanong'onezana kuti akusaka golide.

Chimene akusaka ndi makala, mafupa, mikanda ndi zotsalira za ng'anjo. Makala amatumizidwa kunja kuti akayezedwe zaka, pomwe mapale katswiri amawazindikira ndi maso poona zolocha zake: awa a mtundu wa Nkope, awo a Kapeni, enawo a Mawudzu. Umu ndi momwe katswiri Yusuf Juwayeyi anagwirira ntchito ku Mankhamba, likulu lakale la Kalonga wa Amaravi, pafupi ndi Mtakataka. Anafukula mkuwa, minyanga, mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale za ku China, zonse zili m'buku lake la 2020. Malowo poyamba ukawaona ndi minda wamba, ngati ya ku Mitundu.

Vuto la ofukula omanga asanafike ndi nthawi. Kontirakita amawerenga masiku, mvula nayo sidikira, ndipo dzenje likakumbidwa kamodzi silikumbidwanso. N'chifukwa chake madzulo aganyu akamatsuka ndowa, katswiri amakhala akadali m'dzenje, akujambula mizere ya dothi m'kope dzuwa lisanalowe.