Tonado ya m'nyengo yozizira: zomwe zinachitika ku America mu Disembala 2021

Tonado ndi mphepo yozungulira mwaliwiro imene imalendewera kuchokera mu mtambo wa mabingu mpaka kugunda pansi, mooneka ngati chitamba cha njovu. Si kamvuluvulu amene amanyamula fumbi ndi zinyalala pabwalo dzuwa likamaswa mtengo, chifukwa ameneyo amayambira pa nthaka yotentha kulibe mtambo. Sinso namondwe wonga Freddy, amene amabadwira panyanja, nakuta mayiko angapo ndi kukhala masiku ambiri. Tonado ndi yopyapyala, kawirikawiri siikhala ngakhale ola, koma pamene yadutsa pamaphwasuka moti nyumba imodzi imatha kuchoka yonse, inzake ya tsidya la msewu ili chiimire.

Dziko la United States ndi limene limaona ma tonado ambiri, oposa 1,000 pa chaka, makamaka kuyambira Epulo mpaka Juni. Disembala kumeneko ndi mwezi wa chisanu, ndipo anthu ambiri sayembekezera ngozi yotere. Koma usiku wa pa 10 kuchezera pa 11 Disembala 2021 kunabuka ma tonado pafupifupi 70 m'zigawo za Arkansas, Missouri, Illinois, Tennessee, Kentucky ndi zina zoyandikana nazo, ndipo anthu pafupifupi 90 anamwalira.

Chimene chimabala tonado si dzina la mwezi ayi, koma kukumana kwa zinthu zingapo mumlengalenga. Pamafunika mpweya wofunda ndi wachinyezi pansi, mpweya wozizira pamwamba pake, komanso mphepo zimene zikusiyana liwiro ndi kolowera malinga ndi kutalika kwake kuchokera pansi. Kusiyana kumeneku kumapiringiza mpweya ngati mphasa imene ikukulungidwa. Mpweya wofunda ukamakwera mu mtambo umaimiritsa mpukutu wa mpweya uja, ndipo mtambo wonse umayamba kuzungulira. Akatswiri a zanyengo amautcha mtambo wotere supercell, ndipo ndi umene umabala ma tonado oopsa kwambiri.

M'nyengo yozizira mphepo za m'mwamba zimakhala zamphamvu kale kuposa m'chilimwe. Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi kufunda ndi chinyezi basi. Sabata imeneyo mpweya wochokera ku nyanja ya Gulf of Mexico unakwera kumpoto, ndipo mzinda wa Memphis, m'chigawo cha Tennessee, unatentha kufika madigiri 26, kutentha kosayembekezeka pakati pa Disembala. Mpweya wozizira utafika kuchokera kumadzulo, zonse zofunika zinali zitakwana.

Mtambo umodzi wokha unayenda maola ambiri kuchokera ku Arkansas, ukubala tonado ina ikatha inzake. M'tauni ya Monette, ku Arkansas komweko, unasasula nyumba yosungirako okalamba. Kenako unabala tonado imene inalowa kumadzulo kwa Kentucky ndi kukwawa pansi makilomita oposa 260 osadukiza, kwa maola pafupifupi atatu. Ndi mtunda wosowa kwambiri m'mbiri. Wodziwika kuposa apa ndi wa tonado ya mu 1925 yotchedwa Tri-State, imene inayenda makilomita pafupifupi 350 ndi kupha anthu 695. Ya ku Kentucky inapha anthu 57.

Mphamvu ya tonado sayiyeza mwachindunji, poti zida zoyezera mphepo sizipirira pamenepo. Akatswiri amayendera mabwinja n'kuona mtundu wa nyumba imene yagwa, mmene inamangidwira ndi mmene yagwera, kenako amayerekeza liwiro la mphepo. Muyeso wake umatchedwa Enhanced Fujita, kuchokera pa dzina la katswiri Ted Fujita, ndipo umayambira EF0 kulekeza EF5. Tonado ya ku Kentucky anaiika pa EF4, mphepo yake ikufika makilomita pafupifupi 305 pa ola. Makina a radar anaona zidutswa za nyumba zitakwezedwa makilomita 9 m'mwamba, ndipo chithunzi chakale cha banja lina la ku Dawson Springs, ku Kentucky, chinakatoledwa ku New Albany m'chigawo cha Indiana, mtunda wa makilomita pafupifupi 200.

Tauni ya Mayfield ku Kentucky, ya anthu pafupifupi 10,000, inagundidwa ndi tonado imeneyi nthawi itayandikira 9:30 usiku. Pakati pa tauni panasanduka mulu wa njerwa: matchalitchi akale anagwa, nsanja ya khoti la m'tauniyo inathyoka, thanki yaikulu ya madzi inagwa pansi. Pa fakitale yopanga makandulo ya Mayfield Consumer Products panali antchito oposa 100 a shifiti ya usiku, poti inali nyengo ya maoda a Khirisimasi. Denga ndi makoma zinawagwera, ndipo anthu 8 anafera pomwepo. Usiku womwewo tonado ina inagwetsa makoma a nyumba yosungiramo katundu ya Amazon ku Edwardsville, m'chigawo cha Illinois, n'kupha anthu 6. M'matauni ena a ku Kentucky, ku Dawson Springs, ku Bremen ndi ku Bowling Green, mabanja ambiri anafera m'nyumba zawo. Bwanamkubwa wa Kentucky, Andy Beshear, analengeza kuti chigawo chake chili pa ngozi usiku womwewo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Joe Biden anakayendera Mayfield ndi Dawson Springs pa 15 Disembala. Katundu wowonongeka anamuwerengera pafupifupi madola 4 biliyoni.

Chenjezo linaperekedwa, ndipo nthambi ya zanyengo ya National Weather Service inali itanena kale masiku angapo m'mbuyo kuti kukubwera nyengo yoipa. Vuto la tonado ya m'nyengo yozizira ndi lakuti dzuwa limalowa msanga, choncho imafika kuli mdima, osaoneka, anthu ena atagona, foni zili kutali. Imathamanganso kwambiri chifukwa cha mphepo za m'mwamba zija. Kuwonjezera apo, kumwera chakum'mawa kwa dzikolo mabanja ambiri amakhala m'nyumba zopepuka zochita kukoka ndi galimoto, zimene zilibe chipinda cha pansi pa nthaka. Nyumba zazikulu za mafakitale nazo n'zonyenga: denga lake ndi lotambalala, ndipo likangochoka makoma amatsatira.

Ovulala ambiri samenyedwa ndi mphepo yeniyeniyo koma ndi zimene yanyamula, monga malata, matabwa, magalasi ndi njerwa, ndipo mabala a m'mutu ndi amene amapha kwambiri. N'chifukwa chake malangizo amati munthu athawire pansi penipeni pa nyumba, m'kachipinda ka pakati kopanda zenera, n'kudziphimba mutu ndi matiresi kapena chipewa cholimba. Mphepo ikadutsa ngozi zina zimayamba: misomali ya m'mabwinja imabweretsa kafumbata, mawaya a magetsi amakhala ali pansi, ndipo chisanu chikabwerera anthu opanda magetsi amayatsa majenereta pafupi ndi mogona, utsi wake wosanunkha wa carbon monoxide n'kuwapha ali m'tulo.

Funso loti kodi kusintha kwa nyengo kunachititsa ngoziyi akatswiri amaliyankha mosamala, chifukwa tonado ndi yaing'ono ndiponso yosakhalitsa, moti n'kovuta kuilumikiza ndi kutentha kwa dziko lonse. Zimene aona n'zakuti nyengo zozizira zikufunda, ndiponso kuti m'zaka makumi angapo zapitazi ma tonado akuchulukira chakum'mawa, kufupi ndi mtsinje wa Mississippi, kumene anthu ndi ochuluka kuposa m'zidikha za Kansas ndi Oklahoma.