INJINI YA GALIMOTO IULUTSA NDEGE ZOPANGIRA PANYUMBA

Ku America kuli amisiri amene amadzipangira ndege zazing'ono panyumba pao. Ena mwa iwo amaikamo injini ya galimoto ya Mazda RX-7, yochedwa 13B, cifukwa ndi yaing'ono koma yamphamvu.

Injini ya mtundu umenewu anaitulukira ndi Felix Wankel wa ku Germany, ndipo inalira koyamba m'caka ca 1957. Ilibe mapisitoni monga ya cigayo kapena ya thalakita. M'kati mwa 13B muli zitsulo ziwiri za makona atatu, ciri conse cozungulira m'cipinda cace.

Nchito yaikulu yagona pa kupima. Cipinda ciri conse n'ca mamilimita 80 m'lifupi, ndipo mmisiri amacipima m'malo angapo kuti aone ngati cinapindika ndi kutentha. Pa kona iri yonse pali kacitsulo kotseka mpweya, kolowa m'kamzere. Mpata wace uyenera kucepa ngati tsitsi limodzi. Ukakula, mpweya umathawa ndipo mphamvu imacepa. Ukacepetsa, kacitsuloko kamakanirira.

Amisiriwo amapima mobwerezabwereza, pakuti galimoto ikafa imaima m'mbali mwa mseu, koma ndege ilibe poima mumlengalenga.