Kamtambo Kozizira ka ku Gaithersburg

Plasma mumaidziwa ngati moto wa dzuwa ndi mphezi. Ine imene imandisowetsa tulo ndi yozizira.

Mu 1999, ku NIST mumzinda wa Gaithersburg ku Maryland, Thomas Killian ndi anzake a m'gulu la Steven Rolston anaziziritsa maatomu a xenon ndi kuwala kwa laser mpaka kufupi ndi -273 digiri, pamene kuzizira kumathera. Kenako anawawomba ndi laser ina yothothola maelekitironi. Plasma yozizira inabadwa motero.

Tiyeni tikhale pa kamtambo kameneka. N'kakang'ono kwambiri. Kakangobadwa, maelekitironi opepuka aja amafuna kuthawa, ndipo ochepa amathawadi. Otsalawo amagwidwa ndi ma ion, maatomu othotholedwa aja, koma sakhazikika. Amakankhirabe kunja, nakoka ma ion olemerawo ngati mdzukulu wokoka agogo padzanja. Kamtambo kamafufuma, n'kubalalika lisanathe n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Nanga chinthu chofa msanga chotere amachiona bwanji? Amapanga kamtambo, n'kudikira pang'ono, n'kukaunika ndi laser, n'kujambula. Kafa. Amapanga kena, n'kudikira motalikirapo pang'ono, n'kujambulanso. Kafanso. Kena, kenanso, tsiku lonse m'chipinda cha magalasi, mpaka zithunzizo zitaikidwa pamzere n'kuonetsa mafufumidwe ake. Kuleza mtima kotereku ine ndimakuvulira chipewa.

 Vuto la plasma yozizira linali ili: ma ion amabadwa atangomwazikana, ena mothithikana, ndiye amakankhana mpaka kudzitenthetsa okha kufika pafupi digiri imodzi pamwamba pa mathero aja. Mu 2019, gulu la Killian, tsopano ali ku Rice University ku Houston, linalengeza kuti laziziritsa ma ion a strontium mpaka 0.05 digiri pamwamba pa matherowo. Akazizira chonchi, kukankhana kwawo kumaposa liwiro lawo, monga zilili m'kati mwa Jupiter ndi nyenyezi zakufa zotchedwa white dwarf, kumene munthu sangapondeko.

Komabe nkhani zimangotamanda makina aakulu otentha ofuna kutengera dzuwa. Chonde, aphunzitsi a sayansi, mukafika pa plasma musathere pa mphezi. Anzanga a m'manyuzi ndi pa wailesi, kamtambo aka kapatseniko ngakhale mphindi zisanu.